Amalume ali kumchira kwa tchati

Matero, Lusaka

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi atate. Kodi bondo lija laleka kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo.

Ntchito imene amalume anandipezera ndikugwirabe. Bwana wathu, ba Ngosa, ali ndi mashopu anayi a simenti ndi malata: ku Kanyama, ku Chawama, ku George ndi kuno ku Matero, kumene amayang'anira amalumewo. Lolemba lililonse ndimakonza tchati pa kompyuta, timizati tosonyeza mmene shopu iliyonse yagulitsira, ndipo amachionetsa pakhoma pa msonkhano.

Vuto ndi lakuti kompyuta imasanja yokha, kuyambira wogulitsa kwambiri, choncho Matero imagwera kumapeto nthawi zonse. Amalume, amene anatsegula shopu yoyamba oyang'anira enawo asanabwere n'komwe, amadziona ali kumchira pamaso pa ana. Ndinayesa kusanja motsata zilembo, Matero inakhalanso yomaliza. Ndinakoka kamzati kawo n'kukaika patsogolo, koma manambala atsopano atangolowa kanabwerera komweko ngati mbuzi yozolowera khola.

Lolemba lapitali, kunyumba kwawo kumene ndimakhala, amalume anakana chakudya chimene ndinaphika. Anangoti, "Nakuleta mu Lusaka kuti uziniika kumchila?" Nditafotokoza kuti ndi makina, anati makina alibe mwano, wamwano ndi wowagwira. Akuti zikachitikanso ndikafune kokhala. Amayi, mumzinda muno ndipita kwa yani?

Mnzanga wa mu ofesi, ba Katongo, anandionetsa njira. Shopu iliyonse umaipatsa nambala yakeyake, n'kuuza kompyuta kuti izitsata nambalazo basi. Ndinakondwera, koma chimwemwecho sichinafike ndi madzulo omwe. Nambala wani ndimupatsa ndani? Ku Kanyama, kumene kumatsogola masiku onse, amayang'anira ndi ba Petronella, akazi a bwana, ndipo malo awowo amawakonda kwabasi. Nditafunsa ba Ngosa anangoseka, akuti za matchati ndi zanga, ndione ndekha. Ndinawaona m'maso, iwonso akuopa.

Kale ndinkabisala kumbuyo kwa kompyuta. Tsopano ba Katongo alengeza ofesi yonse kuti zatheka, ndiye aliyense akudziwa kuti wosanja ndine. Ndikakweza amalume, ntchito ili pachiswe. Ndikawasiya, ndilibe pogona. Ndili ndi mantha, ndipo nzeru zandithera.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire alongo anuwo Lolemba lisanafike, poti inu amakumverani. Muwauze kuti simunalere mwana wamwano. Zoti shopu yawo sikugulitsa musatchule, pamenepo ndi pachilonda.

Mupereke moni kwa atate, kwa azakhali ndi kwa alamu. Mng'ono wanga Kumbu mumuuze kuti ndamva zoti akufuna kusamukira m'chipinda changa. Ayambe wadikira.

Ndine mwana wanu,
Tamara