Dzina Lanu mu Pulogalamu ya Mtedza

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga. Ine ndili bwino, koma amayi mwendo uja ukuwavutabe. Amagona msanga, ndiye pakhomo pamangoti zii.

Pulogalamu yathu ija yokumbutsa alimi nthawi yodzala ndi yokumba mtedza ndinaimaliza. Ndinaitumiza kwa anthu osunga mapulogalamu aulere pa intaneti, nditachita kukwera pachulu kuseri kwa khola, pajatu kuno kwa Mavwere netiweki imabwera ikafuna. Koma andibwezera. Akuti fayilo iliyonse ikhale ndi laisensi komanso mayina a amene anailemba, ndipo mwini aliyense avomereze yekha kuti anthu aziitenga ndi kuisintha mwaufulu. Gawo lotsata kagwedwe ka mvula munalemba ndinu musanapite, ndiye sindingavomere m'malo mwanu.

Mnzanga wina anati ndingofufuta gawo lanulo n'kulemba langa. Ndikhoza kutero, achimwene, si zovuta. Koma nditatsegula fayiloyo n'kuona mayina athu awiri ali moyandikana pamwamba pake, ndinangotseka kompyuta. Chichitikireni maliro a abambo, malo okhawo amene ine ndi inu tidakali limodzi ndi amenewo.

Foni yanga simuyankha, chabwino. Sindikupempha ndalama, musachite mantha. Mungondilembera kuti “ndavomera”, basi. Mukawonjezerapo mawu ena, ndidzawawerengera amayi, chifukwa amafunsa za inu tsiku ndi tsiku ndipo ine zowanamiza zandithera.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Tadala