Mizere Makumi Asanu Imene Munandisiyira

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Patuma. Ndanena dzina kuopa mungaganize kuti ndi Asiyatu, poti mng'ono wangayo ndiye munkati ali ndi dzanja labwino polemba. Kuno ku Malindi tilipo, Mulungu akutisunga.

Ndiyambe ndi zabwino. Mwana wanga Halima, mdzukulu wanu uja, anachira, anabereka mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Anabadwa masiku asanakwane, kanthu kokwana m'manja awiri, moti ndinakhala nawo kuchipatala mwezi ndi theka ndikuwadikirira. Pano akuyamwa ngati akulipirira. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri. Bambo a Halima akadali ku Joni, pafoni amangoti abwera Idi ino, monga ananenera Idi yathayi.

Koma chandilembetsa ndi munda. Mukukumbukira muli gone pamphasa, amjomba Che Saidi, achimwene anu, ali pambali, munati kuchokera kumsewu mizere makumi asanu ndi ya Patuma, yotsala mpaka kukhwawa ndi ya Asiyatu. Tonse tinavomera. Palibe anafunsa kuti mzere ndi waukulu bwanji, chifukwa mizere yanu tinkaidziwa, yotalikirana, munthu kuyenda m'kati madzi ali pamutu osakhudza tsamba.

Nyengo yolima itafika, mkamwini wanu Che Jafali, mwamuna wa Asiyatu, anabwera kwanga ndi kamtengo koyezera, ati wakatenga kwa alangizi. Anandifotokozera bwinobwino kuti masiku ano mizere imayandikana, mbewu imodzi paphando, osati zitatu zija munkaponya inu, ndipo chimanga chimachuluka. Sananame, alangiziwo amaterodi. Poona kuti ndikupita kuchipatala anati ndisavutike, andiungira mizere ndi kundidzalira. Nditafunsa ngati kwawo atero, anati ayi, ayambe aonera kwanga, iwo chaka chamawa. Ndinathokoza mogwada, mpaka ndinamupatsa tambala. Munkanena inu kuti ulemu wa munthu ameneyu wachuluka ngati mchere m'ndiwo, ine n'kumati amayi mumangodana ndi akamwini.

Pobwera kuchipatala ndinapeza chimanga chafika m'chifuwa, chobiriwira kuti bii, mizere yowongoka ngati yolemba ndi lula. Pobandira ndinadabwa pang'ono kuti ndamaliza msanga, msana osawawa. Ndinangoti mwina mpunga wakuchipatala wandipatsa mphamvu.

Ndiye kunabwera chimphepo, Lachisanu anthu atangotuluka mumzikiti. Chinatsika kumapiri uko, mvula pambuyo pake, ndi matalala omwe. Denga la khitchini yanu tinakalitola kwa aneba. M'mawa mwake ndinathamangira kumunda. Changa, poti ndi chachifupi, chinangopendama, china kuthyoka cham'mbali. Koma cha Asiyatu, chamakolo chachitali chija, zitatuzitatu paphando, chinagona chonse kuloza kukhwawa. Ndinamumvera chisoni, misozi inalengeza.

Nditaima pamzere wanga womaliza, munda wonse unaonekera mpaka pansi. Ndipo ndinauona mwala uja munkanolera khasu. Amayi, mwala umenewo unali m'gawo langa, tonse tikudziwa, mizere inayi usanafike malire. Tsiku limenelo unali pakati pa chimanga chakugwa cha Che Jafali, kutali ndi pamene ndinaima. Mwala sukhala ndi miyendo.

Ndinabwerera kumsewu n'kuyamba kuwerenga. Makumi asanu. Ndinawerenganso, makumi asanu. Kachitatu ndinangokhala pansi m'matope momwemo, chifukwa apo mutu unali utatseguka. Mizere yanga yakwana, koma yapanikizana, ndiye yathera panjira. Malo otsalawo, a mizere isanu ndi itatu yakale, alowa mu "yotsala mpaka kukhwawa". Sanandibere mzere ndi umodzi womwe, wangondibera dothi.

Nditamufunsa anatong'ola maso, n'kugwira pakamwa, ati sanaziganizire n'komwe, masamu amamuvuta. Munthu woyendetsa njinga yamoto ku Chiponde, wosintha makwacha ndi ndalama za ku Mozambiki pamtima, lero masamu amuvuta! Anati pano palibe chochita popeza feteleza wake ali kale m'nthaka, tidzaona tikakolola. Koma ndiuzeni amayi, ngati kunali kulakwitsa, n'chifukwa chiyani anasalaza mizere yanu yakale yonse, ndi kwawo komwe, kumene sankasintha kanthu? Nanga n'chifukwa chiyani nandolo wadzala m'chigawo chokhacho? Nandolo amakhala m'munda mpaka nthawi younga mizere ina. Podzafika pamenepo adzati dikirani tithyole, mvula n'kugwa, chaka n'kupita. Zaka ziwiri zikatha aliyense adzati mpawo.

Ndinapita kwa amjomba. Anandimvetsera akuyang'ana kumbali, kenako anafunsa kuti mizere yanga ilipo ingati. Nditayankha anati ndiye mawu a malemu asungidwa, iwo sangawonjezere pa zimene mlongo wawo ananena. Za mwala ati maso awo anakalamba. Sindikuwanenera zoipa achimwene anu, koma kuyambira maliro anu sanayendepo wapansi kupita kumzikiti. Lachisanu lililonse amakwera njinga ya Che Jafali, ulere.

Chimene chinkandidya kwambiri ndi Asiyatu. Kodi akudziwa? Masiku onsewa amandipatsa moni akuyang'ana poto. Dzana lija, mwamuna wake atapita ku Chiponde, anabwera masana ndi beseni la chimanga chachiwisi, chothyola pa chakugwa chiswe chisanalowe. Anatula pakhonde n'kunena kuti tiwotchere Halima. Nditafunsa kumene wathyola, anati pafupi ndi mwala.

Ndinaganiza kuti mwina wachita kutumidwa, kuti ndikalandira ngati mphatso ndiye kuti ndavomera kuti mpawo, mawa Che Jafali adzanena pagulu kuti ndinadya ndekha n'kuthokoza. Kukana sindikanatha, ndi mwana wanu. Ndiye ndinati, "Zikomo pondikololera chimanga cha m'munda mwanga."

Ndinkadikira kuti akwiye kapena aseke. Anangoweramitsa mutu, n'kumakanda pansi ndi chala cha kuphazi. Atanyamula beseni lake lopanda kanthu anati, "Achemwali, musawauze kuti ndinabwera." Potembenuka ndinaona kuti mpango waukokera kwambiri mbali imodzi, kuphimba tsaya.

Ndiye akudziwa, amayi, ndipo ndikukayikira kuti anayankhulapo kunyumba kwake, n'kuyankhidwa ndi dzanja. Ine ndinakhala masabata atatu ndikumuyesa wakuba. Manyazi andigwira, ndi mkwiyo womwe, moti chimangacho ndinawotchera Halima koma ine sindinadyeko.

Munkati chibale ndi fupa, sichiwola. Za dothi sindisiya, limenelo munandipatsa ndinu, ndipo nandolo akhale asakhale mizere ya chaka chino ndidzaunga ndekha. Koma ndikulonjezani chimodzi: pankhani imeneyi dzina la Asiyatu silidzatuluka pakamwa panga, kwa amjomba kapena kwa wina aliyense. Ndasesa chipinda chanu ndipo ndayalamo mphasa yatsopano. Mawa ndikamuuza pachitsime kuti chitseko chake sindikhoma.

Ndimakukondani ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu,
Patuma