Kompyuta ya Yohane ikadali yoyaka

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Lobi tilipo mwa chisomo cha Ambuye, kungoti amayi chifuwa chawavuta ndi chisanuchi.

Mtima wanga suli m'malo, achimwene. Kompyuta ya mwana wanga, malemu Yohane, ikadali yoyaka pa sola monga anaisiyira popita kuchipatala. Anati, "Amayi, musazimitse, ntchito ya kusukuluyi isanathe." Anandifotokozera kuti imayerekeza mpweya wopanikizika ukuthamanga m'paipi. Mpweyawo ukamayenda mwabata, kompyuta imadumpha nthawi ndi mapazi ataliatali. Ukayamba kuwombana, imafupikitsa mapazi yokha kuti isalakwitse, ngati munthu wotsika phiri la Dedza mvula itagwa.

Chiikireni maliro, mapaziwo akungofupikirafupikira. Nambala ya nthawi ili pakona pa galasi la kompyutayo ikusintha kumapeto kwenikweni kokha. Ikuyenda, koma siikufika. Ndiulule, ndikaiyang'ana ndimaona ngati ndi mwana wanga amene akulephera kufika kumene akupita. Ndikudziwa kuti Mkhristu sayenera kuganiza chonchi, ndipo ndinakalapa kwa ansembe ku Kasina, koma mantha sanachoke.

Loweruka achibale akubwera kudzagawa katundu wake, ndipo alamu anu akuti kompyutayo izimitsidwe basi. Inu ndinu amalume ake, mwini mbumba. Ndiuzeni msanga, tiidikire kapena ndizimitse? Ngati n'kuzimitsa, mukapemphe Misa ya mzimu wake kumeneko tsiku lomwelo.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Agnesi