Annelies wa pa Foni

Lolemba, 3 Malichi

Msonkhano wa komiti yothetsa kusankhana mitundu, m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Mnzanga Hafida ndiye anandikokera kumeneko. Anthu khumi ndi anayi, khofi wozizira, mabisiketi a dzana. Nkhani yake: phwando linanso la zakudya za mitundu. Kachitatu m'zaka ziwiri. Ng'oma, mpunga wa kwa uje, a meya kujambulitsa atagwira chipande.

Ndinapirira mphindi makumi awiri. Kenako pakamwa pangapa. Ndati anthu akuda mumzinda muno sakusowa mpunga, akusowa nyumba. Ukangotchula dzina pa foni, nyumba yapita. A Godelieve, wapampando, mphunzitsi wopuma, akuti: "Umboni wake uli kuti, mayi?" Ndawauza mmene umboniwo amaupezera. Anthu awiri, nyumba imodzi, mawu amodzimodzi, kusiyana dzina lokha. Ndinaphunzira ku yunivesite ku Ghent ndisanasiyire chaka chachitatu. Digiri ndilibe, koma mutu sanandilande.

Kenako a Godelieve: "Ndiye mutitsogolere." Ine! Ndabwerera panjinga ndikuseka ndekha, mvula ili kumaso.

Lachitatu, 5 Malichi

Ku ntchito ndapinda nsalu za okalamba mutu uli kwina. Ndondomeko yatha. Nyumba za lendi makumi asanu ndi limodzi, zosankha mwa maere, pasakhale wonena kuti tinasaka oipa okhaokha. Hafida aziyamba kuimba foni, dzina lachiarabu. Pakapita ola, ine. Ntchito yofanana, malipiro ofanana, tonse opanda ana, opanda galu.

Ine ndiye mzungu wake. Ndinabadwira muno, ndimayankhula chilankhulo cha muno ngati mayi wogulitsa nsomba kumsika wa Lachinayi. Pa foni khungu silimveka. Dzina: Annelies Coppens. Ndayeserera, Hafida kugwa pampando ndi kuseka. "Iwe Tshiala, ngakhale ine ndikanakupatsa makiyi!"

Zaka zonsezi anthu kundifunsa kuti chilankhulo chawo ndinachiphunzira kuti chonchi. Kuchipatala cha amayi oyembekezera kuseri kwa siteshoni, amwene. Lero chagwira ntchito.

Loweruka, 8 Malichi

Makumi awiri zatheka. Khumi ndi imodzi: kwa Hafida "yapita kale", kwa Annelies "bwerani mudzaone". Khumi ndi imodzi! Manambala onyansa, koma ine kuvina m'khitchini. Sindinali wamisala ayi. Mayi anga sanali amisala.

Mkulu wina anauza Hafida kuti denga likudontha. Patapita ola, denga lomwelo latsopano. Akalipentala a mzinda uno ndi achangu.

A Godelieve apeza mpata ku khonsolo pa 24. Mphindi khumi. Woyankhula ine. Ndagula kope latsopano, lachikuto cholimba. Ndaimbira mayi. Akuti: "Usakatukwane anthu kumeneko." Sanati wachita bwino. Koma anafunsa nthawi yake kawiri.

Lachiwiri, 11 Malichi

Nambala 37. Hafida anaimba ndili kuntchito, ananditumizira nambala ya foni yokha. Yankho lomwe anamupatsa: yapita kale.

Ndaimba masana. Kukhosomola kuja ndinakudziwa asananene dzina. Bambo Decroos. Landilodi wanga. Nyumba yake ndi yapansi pa yangayi, yomwe anasamukamo aja a mphaka. Ndinafuna kudula. Pakamwa panapitiriza pokha.

"Ilipo, mayi Coppens, ilipo. Bwerani Lachisanu 4 koloko." Kenako, mawu otsitsa, ngati akundipatsa mphatso: "Pamwamba pali mayi wachikuda. Waukhondo, alibe phokoso. Koma pangano lake likutha Juni, sindiwonjezera. Musadandaule."

Ndinati zikomo. Zikomo! Ndalemba mawu onse m'kope, monga mwa lamulo langa lomwe.

Zaka zisanu ndi ziwiri. Lendi osachedwetsa ngakhale tsiku. Waukhondo.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndakumana ndi bambo Decroos pamasitepe. Thumba la anyezi wa kudimba kwawo. "Tenga, mwana wanga, ukuwonda." Ndatenga. Anyezi sanalakwe.

Madzulo a Godelieve ndi Hafida kwanga. A Godelieve: ku khonsolo tingopereka manambala, mawu aja ayi. Mzinda ndi waung'ono, aliyense adziwa kuti wachikuda wa pamwamba ndi ndani, landilodi ndi ndani. Ukhale chete, mwina asintha maganizo Juni asanafike. Akunena zoona, n'chifukwa chake zandikwiyitsa. Hafida: "Ukatuluka muno ukalowa kuti? Manambala ukuwadziwa wekha."

Ndikuwadziwa. Ndinawawerenga ndine.

Windo ili loyang'ana kumtsinje. Mashelefu ndinakhoma ndekha. Sindikufuna kusamuka. Ndalemba kuti ndione mmene zikuonekera pa pepala. Zikuoneka zamantha.

Lachisanu, 14 Malichi

Lamulo limati tikapatsidwa tsiku, tiimbenso n'kupepesa kuti tapeza ina. Nambala 37 sindinaimbe.

4 koloko ndatsika masitepe. Iwo ali pakhomo, malaya osita, makiyi m'manja, tsitsi lopesa ndi madzi. "Ndikudikira mlendo, mwana wanga." Ndayankha ndi mawu aja a pa foni, onse, mpaka kaseko kake: "Mlendoyo wafika, bambo Decroos. Annelies Coppens."

Nkhope ija! Kuyera, kufiira, kuyeranso. Makiyi pansi. Akuti: "Sindinkanena iwe." Ndafunsa kuti pamwambapo tilipo angati. Akhala pa sitepe. Akuti anthu safuna kukhala ndi wachikuda, iwo alibe vuto, anthu ndiwo. Ndati anthuwo ndine Annelies uja, ndipo sindinafunse n'komwe.

Ndakwera. Ndatseka chitseko. Kuseka mpaka misozi, kenako misozi yokha. Komabe kukoma kwake! Zaka makumi atatu ndi zinayi ndikudikira chiganizo chimodzi chotere.

Lolemba, 17 Malichi

Envelopu pansi pa chitseko. Pangano latsopano, zaka zitatu, lendi yomweyo, iwo asayina kale. Kapepala pamwamba: "Zithere pompa, tisakambenso kwina."

Ndaliwerenga katatu. Pepala labwino. Ndaliika pa firiji.

Mafoni atha onse. 31 mwa 60. A Godelieve anandikumbatira, kenako anafuna kukonza chiganizo choyamba cha zomwe ndikayankhule ku khonsolo. Uphunzitsi sutha. Ndawalola, anakonza bwino.

Lachinayi, 20 Malichi

Cholembera ndachigwira kawiri lero, kufuna kusayina pangano lija.

Ndayeserera zoyankhula pamaso pa Hafida. Manambala okhaokha, mphindi zisanu ndi zitatu. Iye kuyasamula dala. "Zabwino, pulofesa. Makhansala agona bwino." Ndamugenda ndi pilo. Koma n'zoona. 31 alibe nkhope. Adzagwedeza mitu, adzati zomvetsa chisoni, adzafunsa tsiku la phwando.

Lachiwiri, 25 Malichi

Dzulo! Holo yodzaza, ena kuima kumbuyo. Mayi anga mzere wachiwiri, chipewa cha kutchalitchi. Makhansala maso pa mafoni awo. Ndapereka manambala. Mitu kugwedezeka, monga ndinanenera. Zatsala mphindi ziwiri.

Ndatsegula kope. Ndawerenga nambala 37, mawu ndi mawu, ndi mawu a Annelies. Dzina la munthu sindinatchule. Kenako ndi mawu anga: wachikuda wa pamwambayo ndine.

Mafoni onse pansi. Khansala wina wa masharubu akuti kuimba ndi dzina labodza ndi chinyengo. Ndati denga lodontha kwa ola limodzi ndiye chilungamo? Holo kuphulika ndi kuseka. Mayi anga kuphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Sindinatukwane, anene okha.

Avota: khonsolo izichita mayeso amenewa yokha chaka ndi chaka, opezeka olakwa azidzaitanidwa. 17 kwa 12. Wina wa ku ofesi ya nyumba wapempha ndondomeko yanga, n'kufunsa kuti ndinamaliza kuti maphunziro. Ndati sindinamalize. Wapemphabe.

Tinakadya tchipisi pa bwalo, titaimirira, a Godelieve mayonezi mpaka pachibwano.

Lachitatu, 26 Malichi

Nkhani yafika kale kwa ophika buledi. Bambo Decroos anandiona pawindo, anakoka katani. Pangano ndalibweza pansi pa chitseko chawo, losasayina. Akanalifuna okha mawa lomwe. Bola ndayamba ndine.

Miyezi itatu. Makatoni ndikapempha kuntchito.

Nyumba zisanu ndazilemba, ziwiri pafupi ndi mtsinje. Hafida: "Imba ngati Annelies, iwe, ukalowe kaye pakhomo. Zinazo ukaonera konko." Amandifunira zabwino. Ndaganizira, sindinama. Mpaka khofi kuzizira.

Annelies ali ndi nyumba 60 zoti asankhe, asandiyendere. Ndiimba ine. Tshiala Mbuyamba. Eni nyumba akafuna ndiwatchulira chilembo chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, m'chiyankhulo cha agogo awo.

Foni yoyamba ikuitana.