Chitenje cha Amayi Chapukutira Mfuti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Dedzako. Kuno ku Etobicoke, ku Canada, thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Mukudziwa kale za mfuti zachisilikali za ku China zimene bambo a Tadala amaunjika m'kabati yachitsulo, zokaombera mapepala a chandamale Loweruka. Sabata yatha agula yachisanu, ndipo zimabwera zitamatidwa girizi wonunkha. Pochokera kuntchito ndinawapeza m'galaja akuimba mluzu, akuipukuta ndi chitenje chobiriwira cha malemu amayi, chija munandipatsa ponyamuka. Anachita kuching'amba tizidutswa.

Ndinawafunsa kuti, "Kodi masanza atha m'Canada muno?"

Iwo akuti, "Amayi a Tadala, chinali chakale, ndiye n'chofewa bwino, sichikanda chitsulo."

Akudandaula chitsulo, Achemwali. Ine chitenje chimenecho sindinachichapepo, kuopa kuti fungo la amayi lingachoke.

Dzulo andigulira chatsopano ku North York. Ndachipinda n'kuchiika pamwamba pa kabati yawoyo, apukutire zinayi zotsalazo.

Chonde uzani amalume awaimbire foni bambo a Tadala, chifukwa ine sindikuwalankhula. Mulungu akusungeni nonse. Duku la amayi lija munati mutumiza, musatumize. Likhale komweko.

Ine mng'ono wanu,
Chisomo