Kalongonda Uja Wandilanditsa Mwana

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino. Pakati paja munandisiya napo ndinachira bwinobwino, mwana wamwamuna, mphuno yanu yomwe ija. Chimanga chinapsa ndi dzuwa, koma fodya anayesako. Ku esiteti ya ku Mitundu kumene tinakuikani, matenanti anzanu ambiri anabwerera ku Thyolo zisankho zitangotha. Anatopa ndi kulozedwa zala kuti akummwera ndiwo anagwetsa boma.

Ine ndinatsala kuchitengwa kuno ku Nathenje. Kale ndinali mlamu, lero ndine "Mnguru uja". Nkhuku ikasowa, maso onse kwa ine. Pamaliro ndikaphika ndiwo, mbale yanga imabwerera yosakhudza, ati Anguru amadya njoka. Ine amene ndimathawa ngakhale chingwe chili pansi! Amuna anga, bambo a Esinati, amangoti, "Zisiyeni, zidzatha." Inunso munkandiuza kuti pakamwa ndi pawo, ine ndizingogwira ntchito zanga. Ndinapirira, amayi. Koma tsopano zafika pa mwana.

Sukulu yaulere itayamba, mdzukulu wanu Esinati analowa Sitandade 1. Tsiku lina ndinapeza kalongonda, nyemba zathu zakummwera zija, pamsika. Ndinamuphika monga munandiphunzitsira, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi ndi kuthira ena kuti ululu uchoke. Kutacha ndinamumangira mwana pakapepala kuti akadye kusukulu. Ndinkati ndikumusangalatsa. Anzake ataona anamuzungulira, n'kumuperekeza ndi nyimbo ya njoka mpaka pakhomo. Chiyambire tsikulo sadya chimene ndaphika ine. Amadya kwa azakhali ake, kugona komweko, ndipo azakhaliwo zikuwakomera.

Lachisanu lapitali kunazizira ndi mvula, ndiye ndinamutsatira kusukulu ndi juzi. Aphunzitsi ake, mayi waulemu ndithu, anandifunsa kuti ndine yani. Nditayankha anadabwa, n'kuitana mwana.

"Esinati, suja unati amayi ako anamwalira?"

Iye maso pansi, chala chakuphazi chikukumba dothi. "Awa ndi antchito a azakhali."

Sindinamumenye, amayi, ngakhale kumukalipira. Ndinapereka juzi kwa aphunzitsi ngati wantchitodi, n'kutembenuka. Ndinalira njira yonse, khanda kumsana, anthu akundiyang'ana. Mwana amene munamulandira ndi manja anu m'kanyumba kaudzu kaja, lero akuchita nane manyazi. Sindikumuda. Ndi wamng'ono, watopa ndi kusekedwa, ndipo wapeza pothawira.

Nanga nditani? Ndimutenge tizipita kwathu? Kwathu kwake kuti? Ku Thyolo ndinachokako ndili kumsana kwanu, amalume sindiwadziwa ngakhale nkhope. Ndikakhala pano, tsiku lililonse mwana akunka natalikira. Ndathedwa nzeru, ndipo ndikuopa kuti wakhandayu akadzayamba kulankhula adzaphunzira nyimbo yomweyo.

Kuti ine nditchedwe wamasiye, inu munachita kufa. Mdzukulu wanu wadzisankhira yekha umasiye kusiyana ndi kukhala mwana wanga.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani koopsa. Mvula ikadula ndibwera kudzalambula pamene mukugona. Ndikulonjeza kuti ndidzabwera naye, ngakhale momukoka, adzaone yekha mmene zimakhalira mayi akafadi.

Ndine mwana wanu,
Felesiya