Filimu Inatha Amayi Ako Asanajambulidwe

Wokondedwa mwana wanga Yohane,

Uli bwanji ku Joniko? Kuno ku Wimbe tilipo, koma amayi ako chifuwa chija chawafoola.

Aphunzitsi a Gondwe ndiwo anandiuza kuti kamera unatumiza ija amaisuzumira pamwamba ngati chitsime, ndipo filimu yake imalowa zithunzi khumi ndi ziwiri basi. Yanditopetsa, mwanawe. Ndikapendekera kumanja, munthu m'galasimo akuthawira kumanzere.

Lamulungu, amayi ako akusamba kuti ndiwajambule monga unandipempha, anthu anadzaza pabwalo. Amalume ako anati, "Alamu, bokosili liyambe laona akuluakulu." Ndikanawakana bwanji? Kenaka apongozi ako, kenaka atcheyamani a chipani, wina mpaka anathamangira kuchigafa kukatenga fodya wake kuti aoneke naye. Pamene amayi ako amatuluka atavala chilundu chatsopano, filimu inali itatha. Ndinadinabe, iwo akumwetulira, osawauza kanthu.

M'mawa mwake analephera kudzuka pamphasa, koma anandifunsa kuti chithunzicho chikupeza liti. M'masitolo a ku Chamama filimu mulibe. Tumiza ina msanga, apo ayi ubwere udzawaone wekha.

Mulungu akusunge m'migodimo.

Ndine bambo ako,
Faniwelo